Telala Amene Anawerenga Makolala

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso chokha. M'tauni yonse, kuyambira kumsika mpaka kuchipatala, ankawatchula kuti a Wanenandani, chifukwa panalibe nkhani imene ankailandira osafunsa funso limenelo. Ukawauza kuti basi ya m'mawa yafa panjira, ankakuyang'ana kaye n'kufunsa kuti wanena ndani. Ukawauza kuti kunja kukuwaza mvula, ankayamba atulutsa dzanja. Mng'ono wawo ankakonda kuseka kuti pa tsiku la ukwati wa a Wanenandani, abusa atalengeza kuti awiriwa tsopano ndi banja, mkwatibwi anawaponyera diso lina lake mpaka abusawo anabwerezanso mawuwo.

Anali telala. Makina awo akuda opondera ndi phazi anakhala zaka makumi atatu pakhonde la golosale, moyang'anizana ndi geti la sukulu ya boma ya pulaimale. Amene anawasiyira makinawo ndi bambo awo, amenenso anawaphunzitsa kuti nsalu sakhulupirira ili mumthunzi. Nsalu iliyonse ankaitulutsa padzuwa, kuikoka uku ndi uku, asanaiyandikize sizasi. Mwamuna wawo, makaniko wa njinga zamoto, anamwalira ana awiri ali aang'ono, ndipo ndi makina omwewo amene analera anawo mpaka anakula n'kupita kumizinda ina.

Ntchito yawo yaikulu inali mayunifomu. Mwana aliyense wobwera kudzayezedwa ankamulemba m'kope: dzina, chifuwa, chiuno, utali, kalasi yake ndi kumene amakhala, kuti chovala chikagonera masabata adziwe koti atumize uthenga. Makope oterowo anadzaza katoni pansi pa tebulo lodulirapo.

Kale tauniyo inali ya anthu odziwana. Ana a pasukulupo anali a eni mashopu, a manesi, a apolisi, ndi a alimi a m'mphepete mwa tauni. Kenako kutsidya kwa mlatho kunamangidwa fakitale yocheka matabwa, ndipo antchito anabwera kuchokera kutali ndi mabanja awo. Kampani inawamangira tinyumba ta malata m'mizere, ndiye malowo anthu anangowatcha kumalayini. M'zaka zochepa kalasi imene inkakhala ana makumi anayi inayamba kukhala ana oposa zana. Desiki ya awiri inkanyamula anayi, otsala pansi. Buku limodzi linkayang'anidwa ndi mitu isanu ndi umodzi. Zotsatira za mayeso a boma zinayamba kutsika chaka ndi chaka, ndipo anthu a kumtunda, kumene kunali mabanja akale, sanavutike kufufuza chifukwa. Ankangoti alendo aononga sukulu.

A Wanenandani nawo sanali oyera pankhaniyi. Mayi wa kumalayini akafika pakhonde, sizasi ankaitsetsereka mwakachetechete n'kuikhalira. Palibe wa kumalayini amene anawaberapo ngakhale batani, koma iwo ankati n'chifukwa choti amachenjera.

Ndiye kunabwera a Hedi atsopano, bambo wolankhula mofewa, wa nsapato zowala ngakhale m'nyengo ya fumbi. Anapaka utoto midadada ya kutsogolo, anadzala maluwa m'mphepete mwa njira yolowera, ndipo analamula kuti ana a sitandade eyiti, kalasi ya mayeso, azivala kariboni kofiira pakolala kuti azidziwika ndiponso azidzilemekeza. Ntchito yosoka mariboniwo inagwera a Wanenandani. Chaka choyamba ana 44 analemba mayeso, onse 44 anakhoza. Chaka chachiwiri analemba 46, onsenso anakhoza. Tauni inasangalala ngati yapata mwana. A komiti anabweretsa nsalu yoyera yaitali kuti a Wanenandani aipende, pakhale mawu oti ONSE AKHOZA, ndipo inapachikidwa pageti, pamaso pawo penipeni.

Anaipenda bwino, koma mtima sunakhale pansi.

"Ana omwewa?" a Wanenandani anafunsa mwini golosale tsiku lina. "Omwe dzana ankalephera kulemba dzina la mwezi?"

"Inuyo, amayi, ngakhale mngelo atatsika mungamufunse chiphaso," anatero mwini golosale.

Poyamba anaganiza kuti a Hedi amaba mayeso. Mwana wa riboni akabwera kudzasoketsa batani, ankamufunsa timafunso ta masamu ali ndi singano pakamwa, kuti amugwire. Koma anawo ankayankha bwino. Zinali zoonekeratu kuti akuphunzitsidwa. Zimenezi zinawakwiyitsa kuposa kuwasangalatsa, chifukwa ankamva kuti chinthu chilipo, koma sankachiona.

Chinadzabwera chokha, Loweruka lina chakumasana, sukulu itatsala pang'ono kutsegulira. Anafika mayi wina wa kumalayini, wosanja matabwa kufakitale, utuchi uli m'tsitsi. Anali ndi mwana wake wamkazi, wamtali moti anzake ankamutcha Mlongoti.

"Odi, amayi. Ndimati mumuwonjezereko mpendero diresi ili. Lamufupikira."

A Wanenandani anatembenuza diresilo n'kuzindikira msoko wawo.

"Mpendero uti? Ndinaumasula chaka chatha, ndinaumasulanso chaka chinacho. Kuno kwatsala ulusi wokha. Mwanayu timusokere latsopano, tiikiretu ndi riboni."

"Riboni ayi, amayi. Akubwereza seveni."

"Kachitatu? Wanena ndani?"

"A Hedi. Chaka choyamba anati sanakhwime. Chachiwiri anati kalata yochokera kusukulu yake yakale sikuoneka mufayilo. Ndinapita kwathu kukatenga ina, masiku awiri panjira. Pano akuti malo ku eyiti adzaza."

A Wanenandani anayang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mumtima anati mayiyu akungobisa umbuli wa mwana wake, monga amachitira makolo onse. Anasolola nyuzipepala yakale imene ankadulira mapatani.

"Iwe, tawerenga apa."

Mtsikanayo anawerenga ndime yonse osapunthwa, mpaka pamene sizasi inadula mawu.

"Chabwino. Siketi imodzi imadya mita imodzi ndi theka. Ndili ndi mamita makumi awiri. Zituluka zingati?"

"Khumi ndi zitatu, agogo. Kutsala theka la mita."

"Wakuuza ndani?"

"Palibe."

Anamufunsa ena atatu, ovuta kuposa amene ankafunsa ana a riboni. Awiri anakhoza, limodzi analakwa n'kudzikonza yekha. A Wanenandani anangoti, "Siyani diresilo, ndiona chochita," ndipo anapitiriza kuponda makina ngati palibe chachitika.

Lamlungu masana anatulutsa katoni ya makope n'kukhala pamphasa kuseri kwa nyumba yawo. Anayamba ndi chaka chimene a Hedi anafika. Pa ana 44 amene anawasokera riboni, a kumalayini anali awiri. Pa 46 a chaka chotsatira anali atatu. Onse asanuwo ankawadziwa: ana a akapitawo a fakitale, amene nyumba zawo zinali za njerwa. Koma m'masamba a sitandade sikisi ndi seveni, mawu oti kumalayini anali pa mzere uliwonse wachiwiri. Mayina ena ankabwera chaka ndi chaka ali seveni yemweyo, utali wokha ukusintha. Ena ankangoleka kuoneka.

Ngakhale kope lawo lomwe sanalikhulupirire msanga. Mwina a kumalayini amasoketsa riboni kwina. Sabata yoyamba ya teremu anasuntha makina kufika kumapeto kwa khonde, ndipo masiku atatu anawerenga makolala ofiira potuluka pageti. Nkhope zinali za kumtunda zokhazokha.

Tsiku lachinayi anapita ndi makatani a mu ofesi ya a Hedi amene anawasoka. Atawapereka sanatulukire kugeti. Anazungulira kuseri kwa midadada yopakidwa utoto, kudutsa zimbudzi, mpaka pa chinyumba chakale chimene chinali chosungiramo makasu. Pachitseko panalembedwa ndi choko kuti seveni B. Mkati munali mdima ndi fungo la thukuta. Anyamata omera tindevu ndi atsikana achikulire anakhala pansi, miyendo yopinda, ena atatsamira khoma. Pabolodi panali deti ya Lolemba, ngakhale tsikulo linali Lachinayi.

"Aphunzitsi anu ali kuti?"

"Akuthandiza ku eyiti," anayankha Mlongoti ali pakona.

Wapampando wa komiti ya sukuluyo anali mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, mwini shopu ya misomali ndi utoto. Anamupeza akuyeza misomali pasikelo. Anadikira kuti kasitomala atuluke.

"Alamu, seveni B mumaidziwa?"

Mlamuyo anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Mwayamba liti kuyendera sukulu, alamu?"

"Ndakufunsani."

"Khalani pansi. Nkhani imeneyi si ya a Hedi okha. Tinagwirizana." Anatsitsa mawu. "Inu mukuganiza kuti a nesi wamkulu kapena a polisi angasiye ana awo pasukulu yolephera? Kuseri kwa depoti kwatsegulidwa sukulu ya pulaiveti, ikungodikira. Amenewo akachoka, achoka ndi mabuku, utoto, ndi mawu amene amamveka ku ofesi ya maphunziro. Tikupulumutsa sukulu. Ana a kumalayini ndi odutsa. Fakitale ikatseka mawa, mawa lomwelo apakira."

"Mwana wakhala m'tauni muno zaka zisanu ndi wodutsa?"

"Ambiri mwa iwo sangakhoze."

"Munawayesa?"

Mlamuyo anaseka, koma maso sanaseke.

"Musadziyeretse, alamu. Mariboniwo amasoka ndani? Chinsalu cha pageti anapenda ndani? Dzanja lanu lilimo."

Mawu amenewo anawalowa. Anabwerera pakhonde n'kukhala osaponda makina mpaka ana anaweruka. Zaka ziwiri akhala akusoka chizindikiro chosiyanitsa ana, akunyadira kuti msoko wake ndi wowongoka.

Kumapeto kwa mwezi kunali msonkhano wa makolo, ndipo bwana woyendera sukulu ankabwera kudzapereka chikho chifukwa cha zotsatira za mayeso. Mwini golosale anawalangiza kuti akamuone bwanayo paseri, mwaulemu. Iwo anakana. Munthu wobwera ndi chikho m'manja, anatero, wadziwa kale chimene akufuna kumva. Nkhani ya paseri imathera paseri. Anafuna kuti ikambidwe pagulu, eni ana alipo.

Vuto linali loti a kumalayini sankabwera kumisonkhano. Nthawi zonse inkaikidwa Lachisanu m'mawa, fakitale ili pakati pa ntchito. Choncho madzulo ena, dzuwa lisanalowe, a Wanenandani anavindikira makina n'kuwoloka mlatho, koyamba chimangidwire malayini. Anapeza amayi pampopi, ndowa zili pamzere. Anafotokoza zonse, kope lili m'manja. Amayiwo anangoyang'anizana.

"Mwatumidwa ndi ndani, amayi?" anafunsa wina.

"Palibe wandituma."

"Si inu alamu awo a wapampando? Mukufuna tilankhule kuti mudziwe ana oti muwachotse."

"Si inu mumakhalira sizasi tikafika?" anawonjezera wina kumbuyo, ndipo pampopi panabuka chiseko.

A Wanenandani anachita manyazi. Sankadziwa kuti zimaoneka. Anafuna kupsa mtima, koma anapeza kuti akanakhala iwo, akanafunsa mafunso omwewo, mwina oposa pamenepo.

"Sizasi ndimaikhaliradi," anatero. "Koma mayina awa sindinapeke. Mukafuna bwerani, mukapanda kufuna ndikalankhula ndekha."

Lachisanu kunabwera amayi asanu ndi anayi, ataphonya ntchito ya tsikulo. Anakhala pabenchi ya kumbuyo mu holo, pafupi ndi chitseko. Kwaya ya ana a riboni inaimba. Wapampando analankhula, a Hedi analankhula, bwana anapereka chikho, anthu anaomba m'manja. Pa nthawi ya mafunso a Wanenandani anakweza dzanja. Mlamu wawo anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, anayang'ana kudenga. Anali bwanayo amene anati, "Amayi awo kumeneko."

Anaimirira n'kutsegula kope. Sanakambe zambiri. Anawerenga dzina, kalasi, chaka. Dzina lomwelo, kalasi yomweyo, chaka chotsatira. Anawerenga mpaka pa dzina la khumi ndi chiwiri.

A Hedi anamwetulira.

"Tikuthokoza amayi athu chifukwa chokonda sukulu. Koma bwana, kope la telala si kaundula wa sukulu."

Ena anaseka.

"Zoona, a Hedi," anatero a Wanenandani. "Ndiye bweretsani kaundula wa sukulu, tiike pambali pa kope la telala."

A Hedi anati makiyi a kabati ali ndi kalaliki, ndipo kalaliki wapita kuchipatala. Bambo wina wa kumtunda anakuwa kuti mayiyu wakalamba, akhale pansi. Apo mayi a Mlongoti anaimirira, manja atagwira benchi ya kutsogolo.

"Ine sindidziwa kulankhula pagulu. Koma kalata yachiwiri ndinaipereka m'manja mwanu, a Hedi, munaiika pansi pa kapu ya zolembera. Mwana wanga ali kuseri uko. Bwana akafuna, akamufunse yekha."

Bwanayo anayang'ana wotchi, anayang'ana chikho. A Wanenandani anali atatsimikiza kale kuti atseka msonkhano. Koma bwanayo anadzuka n'kufunsa kuti kuseriko ndi kuti. Anapita yekha, anakhalako pafupifupi ola, kenako anatuluka. Anakwera galimoto n'kupita.

Teremu yonse palibe chinachitika, ndipo a Wanenandani ankauza aliyense kuti anadziwiratu. Chinsalu chinali chipachikire pageti. Mlamu wawo analeka kuwapatsa moni. Mng'ono wawo ankadutsa tsidya lina la msewu, maso ali kutsogolo. Kenako, teremu yachiwiri ili pakati, kunabwera kalata yolamula kuti mwana aliyense amene anakhoza seveni alowe eyiti, ndipo riboni ithe. A Hedi anasamutsidwa. Anthu ena ankati ndi chilango, koma anapita kusukulu yaikulu kuposa imeneyi, ndipo chikho anapita nacho. Mlamu anatula pansi upampando, akuti chifukwa cha shuga.

Chaka chotsatira analemba mayeso ana 97. Anakhoza 61. M'tauni munamveka kuti sukulu yagwa, ndipo wagwetsa ndi telala. A Wanenandani ankayankha kuti kusukulu kumene iwo anaphunzira, 61 inali yoposa 46. Anthu ankawauza za maperesenti, iwo n'kumafunsa kuti peresenti ndi mwana wa ndani. Koma zina zimene mlamu ananena zinachitikadi. A nesi wamkulu anachotsa ana awo, a polisi anatsatira, ndipo utoto wa midadada ya kutsogolo unasuluka popanda woupakanso. Mabanja ambiri a kumtunda anasiya kusoketsa pakhonde paja.

Mlongoti anakhoza. Sanali pamwamba, koma anapeza malo kusekondale yoyendera ya kutsidya kwa mtsinje. Anzake ena a m'chinyumba cha makasu sanadikire kalatayo. Atatu anali atalowa kale ntchito yonyamula utuchi, mmodzi anali ndi pakati. Amenewa ndi amene ankawapweteka a Wanenandani. Ankati akanatsegula makope chaka chimodzi m'mbuyo, m'malo motaya nthawi kusaka mayeso obedwa, mwina akanawapeza akadali mkati.

A Hedi olowa m'malo anali mayi wofatsa, wonenepa, woseka ndi aliyense. Anthu anamukonda. A Wanenandani anati kuseka kwambiri nakonso n'kofunika kukuyang'anitsitsa, ndipo teremu iliyonse ankapeza chifukwa chozungulira kuseri kwa sukulu.

Patatha pafupifupi zaka ziwiri, mng'ono wawo anatulukira pakhonde ndi jumbo m'manja. Anakhala pabenchi osaitanidwa, n'kufunsa za miyendo, za ana, za mvula. Kenako anasolola buluku lotuwa.

"Achemwali, ili ndi la bambo wina wa kutchalitchi kwathu. Akuti mulibweze m'chiuno. Lawakulira."

A Wanenandani analitambasula n'kulizunguliza tepi. Anayang'ana thumba lakumanja, lobooka pansi monga amabowolera misomali. Anayang'ana kadontho ka utoto wobiriwira pabondo. Linali la mlamu wawo.

"Bambo wa kutchalitchiyu waonda chonchi kuyambira liti?"

Mng'onoyo anayang'ana pansi.

"Miyezi itatu. Shuga uja anali weniweni, achemwali. Adokotala amuletsa zambiri."

"Akumwa mankhwala, kapena akungokuuza kuti akumwa?"

"Akuti akumwa."

"Uziwerenga mapilisi wekha."

Anatenga choko n'kulemba mizere iwiri kumbuyo kwa bulukulo, kenako anayamba kumasula msoko ndi kalezala.

"Ukamuuze bambo wa kutchalitchiyo kuti chiuno sindiyeza pa munthu wina. Abwere yekha Lachiwiri, ndidzamuyeze. Ngati ali ndi mabuluku ena, abwere nawo onse."